Eyakoni ya aneba ikamalilima m'khoma la chipinda chanu

Okutobala akafika kuno ku Salima, ife okonza mafiriji ndi maeyakoni sitipuma. Madandaulo ambiri ndi a eni makina: sikuzizira, ikudontha madzi, ikudya mayunitsi. Koma lilipo dandaulo lina lochokera kwa anthu amene alibe eyakoni n'komwe. Munthu amakupeza pashopu n'kunena kuti, "Amisiri, aneba anga amangitsa chimakina pakhoma, usiku tulo palibe. Ndikawauza akuti iwo sakumva kanthu, akuti ndi nsanje chabe."

Mwini makinawo sakunama. Iye watseka mawindo, wagona m'chipinda chozizira, chimene akumva ndi kamphepo kofuwirira basi. Mnzake uja watsegula mawindo onse chifukwa cha kutentha, ndipo chibokosi chakunja, chimene chili ndi phokoso lonse, anachimangira kumbali kwa iyeyo.

Eyakoni sipanga kuzizira. Imatola kutentha kwa m'chipinda n'kukakutaya kunja, ndiye chifukwa chake mukaima kutsogolo kwa chibokosi chija mumawombedwa ndi mpweya wotentha. Makina omwewa akawatembenuza kuti azitola kutentha kunja n'kukulowetsa m'nyumba kapena m'madzi amatchedwa heat pump. Kumayiko ozizira amawotha nawo m'nyumba, ndipo mikangano ya phokoso pakati pa anthu oyandikana iliko ndithu. Kuno amapezeka mwa apo ndi apo, otenthetsera madzi osamba kapena damu losambiramo. Dzina lingasiyane, koma m'kati mwake ndi chimodzimodzi: fani yokoka mpweya ndi kompuresa yopanikiza gasi. Ziwirizi zimasokosa mosiyana, ndipo phokoso lake limakufikani podzera njira zosiyananso.

La fani ndi lija lomveka ngati mphepo, ndipo limayenda mumpweya. Limeneli silivuta kulimvetsa. Phokoso timaliyeza m'madesibelo, polemba timangoti dB. Anthu awiri akamacheza bwinobwino amafika cha m'ma 60 dB, ndipo chibokosi cha eyakoni yapanyumba yosawonongeka chimakhala cha m'ma 50 dB mutaima mita imodzi kuchoka pomwe chili. Masamu ake ndi achilendo pang'ono. Makina awiri ofanana akamalira limodzi sapereka 100 dB ayi, amangowonjezera 3 dB. Khutu limaona ngati phokoso lachepa ndi theka pakachoka pafupifupi 10 dB. Ndipo pabwalo popanda chotchinga, mtunda ukawirikiza kawiri phokoso limatsika ndi 6 dB. Tinene kuti makina akupereka 52 dB pa mita imodzi: pa mamita 2 ndi 46, pa mamita 4 ndi 40, pa mamita 8 ndi 34. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 1999, linati kuti munthu agone bwino usiku phokoso lisapose 45 dB kunja kwa windo lake, ndipo m'chipinda chogona lisapose 30 dB. Mwaona kuti kusuntha chibokosi ndi mamita ochepa chabe kungathe kuthetsa mlandu.

Tsono masamuwa ndi a pabwalo. Ife timakonda kubisa chibokosi m'kanjira kopapatiza pakati pa nyumba ndi mpanda wa njerwa, kuopa akuba komanso kuti chisanyansitse kumaso kwa nyumba. M'kanjira kotero phokoso limagunda khoma ili n'kubwerera kukhoma ilo, silimwazika. Kungogunditsa makina kukhoma kumawonjezera pafupifupi 3 dB, kuwaika pakona pamene makoma awiri akumana ndi pafupifupi 6 dB. Ndiye mupeze kuti windo la chipinda chogona cha aneba lili kutsidya kwa mpanda womwewo, pamwamba pang'ono, moyang'anizana ndi fani.

Komabe anthu ambiri amene amandifotokozera kuti sagona sakudandaula za fani. Amati chinthu chikulilima pansipansi, sichidziwika kumene chikuchokera, ukaika mutu papilo ndiye chimakula, ukatseka windo sichichepa. Ameneyo ndi kompuresa, ndipo njira yake si mpweya. Ndi khoma.

Kompuresa ya eyakoni wamba ili ndi mota yozungulira pafupifupi maulendo 2,900 pa mphindi imodzi, kutsatira magetsi athu a ESCOM a 50 Hz (Hz ndi maulendo pa sekondi imodzi). Ndiye kuti pa sekondi iliyonse imagwedezeka maulendo pafupifupi 48. Kufakitale amaikhazika pa timiyendo titatu ta mphira kuti kunjenjemera kusafike pachibokosi, koma kwina kumadutsabe. Tsono mmisiri akatenga chibokosicho n'kuchimanga ndi mabawuti pabulaketi yachitsulo, bulaketiyo n'kuikhomera m'njerwa, wapatsa kunjenjemera msewu wa tala. Mumpweya phokoso limayenda mamita 343 pa sekondi, koma m'chitsulo limafika pa 5,000, ndipo silifooka msanga. Limatsata khoma, lintala ndi mitengo ya denga, kenako khoma la chipinda chanu limasanduka chikopa cha ng'oma: woimba ali kunja, koma mawu akutulukira m'kati. Pa midadada ya nyumba za lendi ndi nyumba zogawana khoma, makina omangidwa kumapeto uku amatha kumveka khomo lachitatu. Siling'i yopyapyala ndi malata osakhomedwa bwino zimawonjezeranso kwake.

Palinso china chimene chimadanitsa anthu osalakwa. Chipinda chilichonse chili ndi liwu limene chimalikuza, kutengera kutalikirana kwa makoma ake. Makoma akatalikirana pafupifupi mamita 3.5, monga zilili zipinda zogona zambiri, liwu limenelo limagwera pa maulendo 49 pa sekondi, pafupi kwambiri ndi kugwedezeka kwa kompuresa kuja. Zikakumana chonchi, kulilima kumakula kwambiri m'mphepete mwa makoma ndi m'makona, pamene pakati pa chipinda pamakhala ngati palibe kanthu. Bedi timaligunditsa kukhoma. Mwini makina mukamuitana kuti adzamve yekha, amalowa masana, wailesi ikulira, n'kuima pakati penipeni pa chipinda, kenako n'kutuluka akupukusa mutu. Mukafuna akumvetseni, muitaneni usiku kunja kutakhala bata, ndipo mum'pemphe aweramire pomwe pamakhala pilo.

Achinyamata amakonda kutulutsa foni n'kuyeza. Sizoipa, koma musakangane potengera nambala ya foni. Maikolofoni ya foni anaipangira mawu a munthu, simva bwino mawu a besi, olilima pansipansi. Ngakhale muyezo wofala wa phokoso wotchedwa dB(A) umachotseratu pafupifupi 30 dB pa liwu la 50 Hz. Foni ikhoza kuonetsa 28, inu mutu ukuwawa. Manja ndi makutu amathandiza koposa. Tsegulani windo, kenako mutseke: phokoso likasintha kwambiri ndiye kuti likudzera mumpweya, likakhala momwemo ganizirani khoma. Ikani chikhatho pakhoma, kapena tengani sikuludiraiva yaitali, nsonga yake pakhoma, chogwirira pakhutu, mudzamva kompuresa ikamayamba ndi ikamaima. Ndipo musanaloze chala munthu, gwirizanani kuti azimitse makinawo kwa mphindi zochepa inu mukumvetsera. Nthawi zina wolakwa amapezeka kuti ndi filiza yanu yomwe imene yatsamira khoma, kapena pampu ya madzi ya nyumba yakuseri.

Ngati makina anali chete poyamba n'kuyamba kusokosa pambuyo pake, kawirikawiri vuto ndi kusasamalidwa. Kuno kunyanja zotsekereza ndi zambiri. Fumbi la mwera limamatirira pa tizitsulo topyapyala takumbuyo kwa chibokosi, ndipo nkhungu zikatuluka m'nyanja n'kutsata magetsi a pakhonde, m'mawa mumapeza kumbuyo konse kwada bii, zamatana ngati bulangete. Mpweya ukalephera kudutsa, gasi amatentha, kompuresa imalimbana, kulira kwake kumakwera, mayunitsi nawo amatha msanga. Mavu amamanga nyumba yadothi pa tsamba limodzi la fani. Kadothi kochepa chabe, koma fani ikamazungulira imalemera mbali imodzi, chibokosi chonse n'kumavina. Timiyendo ta mphira tija timauma ndi kutentha n'kung'aluka, sikulu imodzi ya chivundikiro imagwa, paipi imakhuza chitsulo. Zonsezi ndi ntchito ya theka la tsiku. Mukamva kung'ung'uza kwamphamvu kwa masekondi angapo kenako thi, makina n'kukhala chete, patapita kanthawi n'kuyambiranso, kompuresa ikukanika kudzuka, mwina kapasita, kachipangizo koithandiza kudzuka, yafooka kapena magetsi abwera ochepa mphamvu. Apa mwini wake ndiye ayenera kuda nkhawa kwambiri, chifukwa kompuresa ikapsa mtengo wake si wamasewera.

Kumene amisiri anzanga ndimasiyana nawo ndi pa nkhani ya mphira. Ambiri amadula kachidutswa ka tayala, n'kuika pansi pa mwendo wa chibokosi, n'kukunga bawuti mpaka sipanala itakana. Pamenepo palibe chimene chachitika. Bawutiyo yagwira chibokosi pamwamba, yagwira bulaketi pansi, kunjenjemera kukungodutsa mubawuti, tayala langokhala mboni. Tayalanso ndi lolimba kwambiri poyerekeza ndi kulemera kwa kachibokosi ka makilogalamu 30 kapena 40. Mphira wothandiza ndi wofewa woti makina akamukhalira abonyeke pang'ono, ndipo pasakhale pamene chitsulo chikukhudzana ndi chitsulo. Alipo mamaunti opangidwira ntchito imeneyi, okhala ndi bawuti pamwamba ndi ina pansi, pakati mphira yekhayekha. Amapezeka m'mashopu a zipangizo za mafiriji, ngakhale nthawi zina mpaka kuitanitsa ku Lilongwe.

Ine ndikapatsidwa ufulu wosankha, sindimanga makina pakhoma limene kuseri kwake kukugona munthu. Ndimawatsitsa pansi, pa silabu yakeyake ya simenti yosalumikizana ndi maziko a nyumba, yokwera ndithu kuti madzi a mvula asafikepo, kenako mphira pamwamba pake. Makinawo amatetezedwa kwa akuba ndi khola la zitsulo, koma kholalo lizikike pasilabu, lisakhomedwe kukhoma. Mapaipi a kopa nawonso ndi msewu. Pobowola khoma ayenera kudutsa atavala siponji yake, bowo n'kutsekedwa ndi chinthu chofewa. Omanga nyumba akabwera pambuyo n'kumata bowolo ndi simenti kuti paoneke bwino, ntchito yonse ya mphira yapita pachabe. Kusuntha makina sikutaya gasi ngati mmisiri akudziwa kumubweza m'chibokosi chakunja asanamasule mapaipi, choncho munthu asakuopsezeni ndi mtengo wa gasi watsopano.

Za chotchinga ndinene mwachidule. Chimathandiza phokoso la fani lokha, osati la m'khoma. Chiyenera kukhala cholemera, chopanda mipata, ndiponso chachitali moti mutaima pawindo lanu makinawo musawaone. Mpanda wa bango kapena maluwa amangobisa maso. Ndipo musawatsekere m'bokosi mbali zonse, chifukwa adzayamba kupuma mpweya wawo womwe wotentha, n'kumalira koposa kale.

Zina sizilira ndalama n'komwe. Anthu ambiri amaika rimoti pa madigiri 16 poganiza kuti m'chipinda muzizira msanga. Simuzizira msanga, kungoti kompuresa siima usiku wonse chifukwa kutentha kwa Novembala sikungailole kufika pa 16. Pa 24 kapena 25 munthu amagona bwinobwino, makina amapumira, mayunitsi amatsala. Maeyakoni a inverter, amene amachepetsa liwiro m'malo mozima ndi kuyaka, ambiri ali ndi batani la usiku lochepetsa phokoso, koma eni ake sanalidinepo. Inunso kwanuko sunthani bedi lichoke pakona, lisakhudze khoma.

Malamulo alipo. Lamulo loona za chilengedwe la 2017, limene linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, limawerengera phokoso m'gulu la zinthu zowononga malo okhala, ndipo kukhonsolo kuli a zachilengedwe ndi a zaumoyo amene mungawadandaulire, makamaka ngati makinawo ndi a loji, bala kapena shopu. Koma pa nyumba zoyandikana, kuyambira kumeneko n'kudzipalira udani wa zaka pa nkhani ya mamaunti anayi. Chimene ndaona kuti chimayenda ndi kupita ndi mfundo yogwirika. Kunena kuti "chimakina chanu chikusokosa" kumamveka ngati mukufuna achichotse, ndipo munthu amene wawononga ndalama zake sangakumvereni. Koma mukati, "Achimwene, makina anu ndilibe nawo vuto, kungoti akugwedeza khoma la kuchipinda kwathu. Tabwerani usiku uno mudzaikepo dzanja, ndipo mmisiri akabwera kudzatsuka tim'funse ngati angaike mphira kapena kuwatsitsa pansi," mwamupatsa chochita. Ngati nonse ndinu alendi, alandilodi alowepo kuyambira pachiyambi, popeza khomalo ndi lawo ndipo ndi iwo analoleza kulibowola. Zikakanika apo mpamene mungapite kwa amfumu kapena kwa mkulu wa m'dera lanu, mutalemba papepala masiku ndi maola amene makinawo amalira.

Amene mukuganiza zogula eyakoni chaka chino, funsani wogulitsa akuonetseni nambala ya dB ya chibokosi chakunja, chifukwa imene amakonda kulemba ndi zilembo zazikulu ndi ya chakum'kati. Ndipo mmisiri asanayatse dirilo, zungulirani naye nyumba, muone kumene kuli windo la chipinda chogona cha aneba, fani iloze kwina.