Muli ndi valavu yachitsulo mu mtima? Musasiye kumwa warfarin

Pali nkhani ikuyenda pakati pa odwala yakuti bala la opaleshoni likapola, thupi n'kupeza mphamvu, warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana msanga, safunikanso. Limeneli ndi bodza, ndipo limapha. Ngati anakuikani valavu (kachitseko ka mu mtima koyendetsa magazi mbali imodzi) yachitsulo, mankhwalawa mudzamwa moyo wanu wonse. Amene anaikidwa valavu ya mnofu wa ng'ombe kapena nkhumba kawirikawiri amamwa miyezi 3 mpaka 6, koma nawonso wowasiyitsa ndi dokotala.

Magazi akamadutsa pachitsulo amaundana msanga. Oundanawo amatseka valavu, kapena amathothoka n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo, munthu n'kufa ziwalo. Pamene izi zikuyamba simumva kupweteka kulikonse, ndiye kumva bwino si chifukwa chosiyira.

Mlingo wa warfarin umachokera pa kuyezetsa magazi kotchedwa INR, koona nthawi imene magazi amatenga kuti aundane. Ambiri a valavu ya aortic (yotulukira magazi opita m'thupi lonse) amafunika INR ya 2.0 mpaka 3.0, a valavu ya mitral (ya pakati pa zipinda ziwiri za kumanzere kwa mtima) 2.5 mpaka 3.5. Ikatsika magazi amaundana, ikakwera kwambiri mumataya magazi. Poyamba muziyezetsa sabata iliyonse kapena pafupipafupi kuposa apo, ikakhazikika kamodzi pamwezi. Imwani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ndipo muziwerenga mamiligalamu papaketi chifukwa maonekedwe a piritsi amasiyana malinga ndi kampani. Mukaiwala n'kukumbukira tsiku lomwelo, imwani. Mukakumbukira mawa lake, musaphatikize awiri.

Bonongwe, nkhwani, mpiru ndi chigwada zili ndi vitamini K amene amachepetsa mphamvu ya warfarin. Sitikuti muzisiye ayi, ingodyani mofanana sabata ndi sabata. Chovuta kwambiri ndi mankhwala ena. Bactrim, Flagyl ndi fluconazole amakweza INR, pamene rifampicin wa TB amaitsitsa kwambiri. Brufen, diclofenac ndi aspirin wogula nokha pagolosale amataitsa magazi m'mimba. Mutu ukamapweteka imwani Panado. Mowa wambiri ndi mankhwala azitsamba pewani.

Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo mukaona kamfuno wopitirira mphindi 10, chimbudzi chakuda bii, magazi mu mkodzo, mutu wopweteka modabwitsa, pakamwa popotoka, befu, kapena kugogoda kwa valavu kukasiya kumveka monga kale. Ngakhale apo, musasiye mankhwala muli kunyumba n'kumadikira kuti muone.

Amayi, warfarin amatha kuvulaza mwana m'mimba, makamaka sabata ya 6 mpaka 12. Mukadumphitsa msambo bwerani kuchipatala sabata yomweyo adokotala akonze njira ina, koma musasiye kumwa musanaonane nawo.