Kodi phiri lili ndi phazi?

Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa Chingerezi ndi kumasulira zolemba, ndaona kuti mawu amene amapunthwitsa anthu si aataliatali aja. Ndi timawu tachidule timene tidaphunzira kupulayimale n'kuyesa kuti tathana nato. Limodzi mwa mawu otere ndi "foot". Mwana aliyense akuuzani kuti ndi phazi, ndipo sakunama. Koma tsiku lina wophunzira wanga wina wakhama adapeza chiganizo chakuti "the village lies at the foot of Mulanje", n'kulemba kuti mudziwo uli paphazi la phiri la Mulanje. Liwu lililonse adalimasulira molondola, komabe palibe Mlomwe kapena Mmang'anja wa kumeneko amene angalankhule choncho. Ife timati patsinde pa phiri.

Taonani kusiyana kwa maso. Mngelezi akayang'ana phiri amaona munthu woimirira, ndiye kunsi kwake amati phazi. Ife timaona mtengo, ndiye timati tsinde. Mukagwira mfundo imeneyi, yakuti kwa iwo "foot" ndi kunsi kwa chinthu chilichonse, matanthauzo ambiri amasiya kuvuta. Kunsi kwa masitepe ndi "foot of the stairs". Timawu tolembedwa m'munsi mwa tsamba ndi "footnote". Amisiri omanga nyumba amatchula "footing" ponena konkire yoyamba imene amathira m'ngalande ya maziko. Telala naye ali ndi yake: kachitsulo kamene kamapanikiza nsalu pa makina osokera kamatchedwa "presser foot". Pa bedi ndi pamene timatsala pang'ono kugwirizana, chifukwa iwo amati "foot of the bed" ife n'kumati kumiyendo. Ngakhale pamenepa, iwo atchula phazi, ife mwendo, monga momwe "football" yawo idasandukira mpira wamiyendo kwathu kuno.

Kuchokera ku tanthauzo lomweli kudabadwa mawu amene amasokoneza ambiri, akuti "foot the bill". Palibe amene akuponda kapena kumenya theche pepala la ngongole. Kale amalonda ankalemba mitengo motsetsereka pansi, n'kuwonkhetsa zonse m'munsi mwa tsamba, ndipo kuwonkhetsako ankakutcha "footing". M'kupita kwa nthawi mawuwa adayamba kunena za munthu amene walipira chiwonkhetso chonsecho. Choncho mukawerenga m'nyuzipepala kuti boma "will foot the bill" pa maliro a munthu wina, akutanthauza kuti boma ndilo lilipire zonse.

Tanthauzo lachiwiri ndi la muyezo, ndipo ili tonse timaligwiritsa ntchito ngakhale amene sadapite patali ndi sukulu. Pitani kogula malata kapena matabwa, mudzamva akufunsa ngati mukufuna a 8, a 10 kapena a 12 fiti, pamene dziko lathu lidasamukira kale ku mamita. Muyezowu udayambiradi pa phazi la munthu, n'chifukwa chake kale unkasiyana malo ndi malo: la Aroma linali pafupifupi masentimita 29.6, la Afalansa pafupifupi 32.5. Mu 1959 mayiko a Britain, America, Canada, Australia, New Zealand ndi South Africa adagwirizana kuti "foot" imodzi ikhale masentimita 30.48 ndendende, omwe ndi mainchesi 12. Zitatu zimapanga yadi, ndipo 5,280 zimapanga mailo imodzi. Ndege zambiri mpaka lero zimayeza kutalika kwake mumlengalenga ndi muyezo umenewu. Nsonga ya Sapitwa, yomwe ndi mamita 3,002, m'mabuku ena mudzaipeza italembedwa kuti ndi pafupifupi 9,850 "feet".

Apa pali msampha wa galamala umene ndimakonda kuchedwapo m'kalasi. Phazi likakhala limodzi ndi "foot", akachuluka ndi "feet", osati "foots". Koma muyezo ukabwera patsogolo pa dzina la chinthu, liwulo silisintha: thabwa lotalika "ten feet" limatchedwa "a ten-foot plank". Ndipo munthu wamtali angathe kunena kuti "I am six foot two" osalakwitsa chilichonse. Ana ambiri amafufuta yankho lolondola pamayeso poganiza kuti nambala ikaposa imodzi ndiye kuti "feet" basi, ndipo zimandimvetsa chisoni chifukwa khutu lawo lidali litamva bwino.

Kusintha kwa "foot" kukhala "feet" n'kwakale kwambiri, kwa mtundu umodzi ndi "tooth" kukhala "teeth". Liwuli lilinso ndi abale amene simungawaganizire. M'Chilatini phazi ndi "pes", m'Chigiriki ndi "pous", ndipo akatswiri a zinenero, mmodzi mwa iwo Jacob Grimm mu 1822, adaonetsa kuti pamene zinenero zimenezi zili ndi p, Chingerezi ndi Chijeremani nthawi zambiri zimakhala ndi f. Ndiye pedulo ya njinga yanu ndi "pedestrian", munthu woyenda pansi, ndi ana a m'nyumba imodzi ndi "foot".

Kumene kuli ntchito yeniyeni ndi ku zining'a. Kholo likati "I put my foot down", silikunena zoponda pansi. Ife tikadati latemetsa nkhwangwa pamwala. Mkwati amene wapeza "cold feet" sakufuna masokosi, wagwidwa nthumanzi ndipo akufuna kubwerera m'mbuyo ukwati uli pafupi. "Drag your feet" ndi kuzengereza dala. "Find your feet" ndi kuzolowera malo atsopano, ndipo "stand on your own two feet" ndi kudziimira pawekha. "Put your foot in it" ndi kulankhula chinthu chochititsa manyazi mosazindikira, monga kufunsa za moyo wa munthu amene adamwalira kale. Nkhalamba imene ili ndi "one foot in the grave" ili pafupi kutsikira kulichete. Pa zonsezi malangizo anga ndi amodzi kwa omasulira, kaya pa wailesi, m'tchalitchi kapena m'khoti: funsani kuti agogo anu akadanena bwanji, osati kuti dikishonale ikuti chiyani. Ifenso tili nazo zathu zimene Mngelezi sangazimve atazimasulira liwu ndi liwu. Tamuuzeni kuti mbala itaona anthu idangoti phazi thandize.

Alimi a ng'ombe ku Chikwawa ndi ku Nsanje amalidziwa liwuli mwa njira yowawa, kudzera mu "foot-and-mouth disease", matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amene amatseketsa misika ya ziweto. Ophunzira ndakatulo za Chingerezi nawo amakumana nalo: kumeneko "foot" ndi kagulu ka maphatikizo awiri kapena atatu kamene kamapanga kugunda kumodzi mu mzere.

Nditchule chimodzi chimene ndi chathuchathu. Kuno ndi ku Zambia mumamva anthu akuti "I was footing", kutanthauza kuti amayenda wapansi. Ku London munthu angadabwe pang'ono, chifukwa iwo amati "I walked" kapena "I went on foot". Ine sindiona chifukwa chochitira manyazi ndi mawuwa pocheza, pakuti Angelezi eni ake ali ndi "foot it" ya tanthauzo lomwelo. Koma pa pepala la mayeso a MSCE kapena m'kalata yofunsira ntchito, lembani "on foot", ndipo samalani kuti ndi "on", osati "by", ngakhale timati "by bus".