Chimanga m'maenje a bawo ndi nambala imene inapusitsa Fermat

Mukadutsa pamsika wa ku Ulongwe madzulo, simulephera kupeza madoda atazinga bawo. Ine pokhala mphunzitsi wa masamu, maso anga sakhala pa amene akudya mnzake, amakhala pa maenjewo. Alipo 32, mizere inayi, mzere uliwonse maenje 8.

Tsono tiyeni tibwereke bawoyo. M'dzenje loyamba ikanimo diso limodzi la chimanga, lachiwiri maso awiri, lachitatu anayi, lachinayi 8, kumangowirikiza kawiri mpaka dzenje lomaliza. Ndikafunsa ana m'kalasi kuti pafunika chimanga chochuluka bwanji, ambiri amati chidebe, olimba mtima amati ngolo. Yankho lake ndi maso 4,294,967,295. Tingoyerekeza kuti pa kilogalamu pamalowa maso 3,000, ndiye kuti matumba a makilogalamu 50 apitirira 28,000. Munthu atati aziwerenga diso limodzi pa sekondi, osagona osadya, zingamutengere zaka 136.

Kukula kwakeko n'kongodabwitsa ana. Chokoma chili m'mimba mwa nambalayi.

Werengani chimanga chonse chimene chalowa pamene mwadzaza dzenje limodzi: 1. Maenje awiri: 3. Anayi: 15. Mzere wathunthu: 255. Mizere iwiri, mbali ya wosewera mmodzi: 65,535. Pa nambala iliyonse onjezanipo 2, mupeza 3, 5, 17, 257 ndi 65,537. Mukachulukitsa zisanuzi pamodzi, ikutuluka ndi 4,294,967,295 yomwe ija, osaperewera ngakhale diso limodzi. Si matsenga ayi. 15 ndi 17 zakhala uku ndi uku kwa 16, ndipo nambala ziwiri zotere mukazichulukitsa mumapeza yapakatiyo kuichulukitsa ndi iyo yomwe, kuchotsapo 1. Ndiye 15 × 17 ndi 255, 255 × 257 ndi 65,535, choncho mpaka pamwamba.

Zisanu zonsezi ndi nambala zosagawika, zimene kusukulu kuno timati números primos. Mango 17 simungawagawire anthu mofanana popanda otsala, pokhapokha atenge munthu mmodzi kapena anthuwo akhale 17.

Apa m'pamene anapunthwa Pierre de Fermat, woweruza milandu wa ku Toulouse ku France amene masamu ankachita pa nthawi yake yopuma. M'chaka cha 1640 analemba kuti akukhulupirira kuti nambala zonse za mzere umenewu wa 3, 5, 17, 257, 65,537 ndi zotsatira zake n'zosagawika. Yotsatira ndi ya bawo lonse kuonjezapo 2, yomwe ndi 4,294,967,297. Ine sindimuseka mkuluyu. Zisanu zotsatizana zinali zitamuvomera, ndipo kuyesa nambala ya manambala khumi ndi nthenga ndi inki sinali ntchito yamasewera.

Panapita zaka 92. Mu 1732 Leonhard Euler, ali ku Saint Petersburg, anaonetsa kuti nambalayi imagawika: 641 × 6,700,417. Ndipo sikuti munthu ayenera kuyesa nambala iliyonse kuyambira pa 2. Euler yemweyo anatsimikiza kuti nambala yosagawika imene ingalowe mu 4,294,967,297 iyenera kutsala 1 mukaigawa ndi 64. Zoterezo n'zochepa: 193 ikana, 257 ikana, 449 ndi 577 chimodzimodzi, yachisanu 641 ilowa bwinobwino.

Pakati pa 4,294,967,295 ndi 4,294,967,297 pali 4,294,967,296, ndipo imeneyo ndiyo kuchuluka kwa maadiresi a intaneti m'dongosolo lakale la IPv4, amene anayamba kuperewera mafoni ndi makompyuta atachuluka.

Za mzere wa Fermat, makompyuta afufuza nambala zambiri zotsatira, zina zazitali zosakwana m'buku, koma kupitirira 65,537 sipanapezekenso yosagawika ngakhale imodzi. Ya Euler ija mutha kuiyesa lero pa kakyuleta ya pafoni yanu: lembani 4294967297, gawani ndi 641, muone ngati patsale kanthu.