Kafukufuku ameneyo anafunsa ndani?

Sabata sitha ndisanamve wina pa wailesi akunena kuti "kafukufuku waonetsa kuti maphunziro aulere anaononga sukulu zathu." Ine ntchito yanga ndi yomweyi ya kafukufuku, ndipo chimanditopetsa n'chakuti palibe amafunsa kuti ana amene anayesedwawo ndi ati.

Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ana owonjezerawo anali a makolo osauka, amene kale sankafika n'komwe pakhomo la sukulu, motero sankalemba mayeso aliwonse. Ukayerekeza malikisi a kalasi ya 1993 ndi a zaka zotsatira, ukuyerekeza magulu awiri osiyana. Avereji ikhoza kutsika pamene mwana amene akanakhala kubusa tsopano akutha kulemba dzina lake. Sindikukana kuti zinthu zinavuta. Ana anaphunziradi pansi pa mitengo, aphunzitsi ambiri analembedwa mwachangu asanapite kukoleji. Koma avereji payokha singakuuzeni kuti chinaonongeka n'chochuluka bwanji.

Ngakhale mayeso a SACMEQ, oyerekeza maphunziro m'mayiko a kummwera ndi kummawa kwa Africa, amene ndimawalemekeza, amayesa ana a Sitandade 6. Mwana amene analekezera mu Sitandade 3 mulibemo. Wojomba tsiku limenelo chifukwa wapita kuganyu mulibemonso.

Pali nkhani imene imandivutabe mumtima. Chaka china tinapita kudera lina ndi mndandanda wa sukulu zosankhidwa mwamaere. Unali mwezi wa February, mtsinje utadzadza, ndipo dalaivala anakana kuwoloka. Wotitsogolera anangoti, "Tiyeni titenge iyi ya m'mbali mwa msewu, ndi zoni imodzimodzi." Ine ndinali watsopano pantchito, ndinangoti zii. Sukulu tinatengayo inali ndi mabuku m'kabati, nyumba za aphunzitsi za malata, ndipo ahedi anali atamva kale kuti kukubwera alendo. Ana amene anatibweretsera anali osamba bwino, owerenga mosadodoma, ndipo sitinapemphe n'komwe kaundula kuti tisankhe tokha. Lipoti linatuluka likunena kuti ndondomeko yatsopano imene tinapita kukaunika ikuyenda bwino m'zoni yonse. Sukulu ya tsidya ija sindinaionepo mpaka lero.

Mayi aliyense amadziwa kuti mchere saulawa pamwamba pa mphika asanatakase ndiwo. Ife tinalawa pamwamba.

Masiku ano zanyanya. Munthu amaika funso pa Facebook kapena m'gulu la WhatsApp, ayankha anthu mazana angapo, mawa lake ali mu hotela ndi tayi akuwerenga maperesenti a "makolo a m'Malawi." Makolo ake ati? Okhala ndi foni ya intaneti ndi ndalama ya bandulo. Agogo olera adzukulu asanu kumudzi sanafunsidwe. Ndipo musanamizidwe ndi chiwerengero: mayankho 10,000 ochokera kwa anthu a mtauni okhaokha sakuuzani za kumudzi kuposa mayankho 300 osankhidwa mwamaere.

Choopsa n'chakuti lipoti lotere likafika pa tebulo la opanga bajeti, kulikonza kumatenga zaka, mwana amene anali mu Sitandade 1 atasiya kale sukulu. Wina akakubweretserani zotsatira, mufunseni kuti anasankha bwanji sukulu, ndi zingati anazisintha ali m'njira, ndi ana angati anali atajomba tsikulo. Akayamba kukanda m'mutu, musasaine.