Kanema wa pansalu ku Mangochi: anachokera kuti?

Agogo anga akamakamba za kanema sankatchula nyumba ya mipando. Ankatchula galimoto. Ankati inkafika madzulo ili fumbi lokhalokha, chimkuzamawu chili padenga, ana n'kumaithamangira mpaka pabwalo la sukulu. Dzuwa likalowa, anthu a boma aja ankamanga nsalu yoyera, kuliza jenereta, mudzi wonse n'kukhala pansi, amayi mbali iyi, abambo mbali iyo.

Mwambo umenewu unayamba nthawi ya atsamunda, tauni yathu ikadali kutchedwa Fort Johnston. Pakati pa 1935 ndi 1937 panali ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, yomwe inkajambula makanema ophunzitsa ku Tanganyika n'kuyenda nawo m'maiko oyandikana, Nyasaland ili momwemo. Kenako mu 1948 kunabwera Central African Film Unit, likulu lake ku Salisbury (lero ndi Harare), yomwe inagwira ntchito mpaka 1963 ikutumikira Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia. Makanema ake ambiri oyambirira analibe mawu. Munthu ankaima pambali ndi chimkuzamawu kumafotokoza m'chilankhulo cha anthu a pamalopo. Nkhani zake zinali zofanana: mlimi womvera mlangizi akolola, wosamvera agona ndi njala, wosunga ndalama ku positi atukuka, wokwirira pansi alira. Anthu ankaseka ndi kuwomba m'manja, koma wosankha zoti aone anali wina, wokhala kutali, amene anali atagamula kale kuti munthu wakuda ayenera kuphunzira chiyani.

Titalandira ufulu mu 1964 galimoto sizinasiye kuyenda, nkhope za pansalu ndi zimene zinasintha. Tsopano anali maulendo a Kamuzu, amayi akuvina, minda ya chimanga chobiriwira. Mu 1968 boma linakhazikitsa lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act, loti kanema aliyense ayambe wavomerezedwa asanaonetsedwe kugulu. M'masiku amenewo munthu wanzeru sakanayerekeza kunyamula kamera kukafunsa asodzi za mavuto awo. Wailesi ya kanema ya dziko lino inadzayamba mu 1999, patapita zaka zisanu chiyambireni ulamuliro wa zipani zambiri.

Mpata umene unatsala anaudzaza a vidiyo. Aliyense wokulira kuno akudziwa tizisakasa ta m'misika, pakhomo chinsalu chakuda, mkati mabenchi ndi thukuta, kunja chikwangwani cholemba ndi choko. Karate, nkhondo, mpira, kenako makanema omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata a pakamwa pothwa. Sindiwanyoza ayi. Iwowa anapitiriza, osadziwa, ntchito ya bambo wa chimkuzamawu uja.

Chimene chimandipweteka ndi china. Nyanja yathu yajambulidwa kambirimbiri. Chikhazikitsireni Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo UNESCO itaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, alendo akhala akubwera ku Cape Maclear ndi makamera a pansi pa madzi kudzajambula mbuna. Amene amawapalasira bwato ndi kuwalozera miyala yomwe nsombazo zimabisala ndi ana athu. Kanemayo akatha amakaonetsedwa kunja, ndipo wopalasa uja amakalamba osadziona.

N'chifukwa chake ndimalemekeza achinyamata amene masiku ano amajambula okha nkhani zenizeni, ena ndi foni chabe, n'kubwera nazo kwa eni ake. Alibe holo, alibe tikiti. Amabwereka pulojekita, amapempha bwalo kwa amfumu, amasonkherana za petulo.

Ndinakhalapo pa chionetsero chotere tsidya la Shire. Nsalu inali ya pabedi, yomangidwa pakati pa mitengo iwiri ya mango, mphepo ya mwera ikuigwedeza moti nkhope zinkapindika. Tizilombo tinkazungulira m'kuwala kwa pulojekita. Kanemayo anali wa kuchepa kwa chambo m'nyanja ya Malombe, olankhula akusakaniza Chiyao ndi Chichewa, popanda womasulira. Pansalu pataoneka gogo wina akusoka ukonde, mayi amene anakhala kutsogolo kwanga anaimirira, mwana ali kumbuyo, n'kufuula kuti amenewo ndi amalume ake. Kanema atatha anthu anakana kubalalika. Anakangana za maukonde a timaso ting'onoting'ono mpaka petulo anatha m'jenereta, ndipo mkanganowo unapitirira mumdima.