Mthunzi ndiye mwini chithunzi

Tchulani mawu awiriwa pang'onopang'ono: chithunzi, mthunzi. Ndi apachibale, ndipo ife amene timajambula misewu ndi nyumba za m'mizinda m'zithunzi zakuda ndi zoyera timadya za ubale umenewu. Mukachotsa mitundu, m'manja mwanu mumatsala kuwala, mdima, ndi kutuwa kwa pakati pake. Ngati pamalopo panalibe mthunzi wokoka maso, batani la pa foni lochotsa mitundu silingakupulumutseni. Limangokuyalutsani kuti munajambula musanaone.

Ophunzira ambiri amapunthwa pa mwala umodzi. Munthu waona basi yofiira ikudutsa kutsogolo kwa khoma lobiriwira, mtima wamudumpha, wajambula. Pochotsa mitundu apeza basi ndi khoma zasungunukirana, zonse mbuu. Kamera ikamasandutsa mtundu kukhala kutuwa imangoyeza kuti chinthucho n'chowala motani, ndipo chofiira ndi chobiriwira nthawi zambiri zimawala mofanana. Mankhwala ake ndi aulere. Musanajambule, tsinzinani pang'ono mpaka tizinthu ting'onoting'ono tizimiririke. Zigawo zowala ndi zakuda zimene zatsalazo ndizo mudzapite nazo kunyumba.

Nyumba siisuntha, koma dzuwa limaivula ndi kuiveka ola lililonse. Imani kutsogolo kwa khoma la njerwa dzuwa lili kumbuyo kwanu: khomalo limaoneka see, ngati pepala. Bwererani pomwepo dzuwa likamalinyambita cham'mbali. Njerwa iliyonse yatulutsa kamthunzi kake, mng'alu umene simunauone ukuoneka ngati chipsera, ndipo pamene pulasitala anagamphuka pakuchita kuitana chala kuti chikhudze. M'mamawa ndi madzulo mithunzi imatalika, nsanamira imodzi n'kudula msewu wonse pakati. Fan Ho, amene ankajambula Hong Kong m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, anali katswiri pa zimenezi. Kamunthu kamodzi pa masitepe kapena m'kanjira, kuwala kukulowa ngati mkondo m'kati mwa utsi, kwina konseko kuli bii.

Komatu musaganize kuti mitambo ikaphimba ndiye kuti ntchito yatha. Bernd ndi Hilla Becher a ku Germany ankachita kudikirira tsiku la mitambo kuti ajambule matanki a madzi ndi ng'anjo za m'mafakitale, chifukwa sankafuna mthunzi uliwonse ubise kapangidwe ka chinthucho. Ineyo mtima wanga uli kwa Fan Ho, koma womanga nyumba akandituma kuti ndijambule ntchito yake, ndimabwereka nzeru kwa banja la Becher. Nawo msewu wa phula ukanyowa ndi mvula umasanduka galasi, magetsi ndi mazenera n'kumaonekera pansi.

Za thambo ndifulumirepo. Pa kamera za filimu, thambo lopanda mitambo limakonda kutuluka loyezuka, nyumba yoyera n'kusowa pothera. N'chifukwa chake timaika fyuluta, kagalasi ka mtundu, kutsogolo kwa lenzi. Lamulo lake ndi limodzi: fyuluta imawalitsa mtundu wake womwe n'kudetsa wotsutsana nawo. Yachikasu imadetsa thambo pang'ono, yofiira imalidetsa kwambiri mpaka mitambo kuchita kutumphuka. Pa kamera ya makono jambulani mu RAW, fayilo yosunga zonse zimene kamera yaona, kuti mitundu isungike, ndipo ntchito ya fyuluta mukaichitire pa kompyuta. Basi yofiira ija mutha kuiwalitsa, khoma n'kulidetsa. Chenjerani ndi ziwiri zokha. Malo amene ayera mopsereza sabwereranso, choncho yezerani kuwala pa khoma lowala kwambiri, mithunzi mudzaiwalitsa pambuyo pake. Ndipo thambo lakuda ngati makala pa chithunzi chilichonse limatopetsa. Ndinazichitapo ndili wamng'ono pantchito, ndipo zithunzi zimenezo sindionetsa munthu.

Palinso nyumba zogwa chagada. Mukaima patsinde pa nyumba yosanja n'kupendeketsa kamera kuloza kumwamba, makoma amayamba kukumana kumtunda. Pa chithunzi cha mitundu diso limatanganidwa ndi zina, koma kuno mizere ili pambalambanda. Bwererani m'mbuyo, kwerani pamalo okwera, ndipo kamera ikhale chilili, ngakhale pansi palowe msewu wambiri woti mudzaudule. Pali malenzi otsetsereka m'mwamba opangidwira vuto lomweli, koma mapazi amagwira ntchito yofanana. Mukafuna kupendeketsa, pendeketsani kotheratu, woona adziwe kuti ndi dala.

Nanga anthu? Mu 1838 Louis Daguerre anajambula msewu wa Boulevard du Temple ku Paris ali pa zenera. Msewuwo unali wa piringupiringu, koma pa chithunzipo uli zii, chifukwa kamera inakhala chitsegulire kwa mphindi zingapo ndipo chilichonse choyenda sichinasiye chizindikiro. Anatsala ndi bambo mmodzi amene anaima nji akupukutitsa nsapato, pamodzi ndi womupukutirayo. Nkhaniyi imaphunzitsa zonse za liwiro la kamera, kutanthauza nthawi imene imakhala chitsegulire. Pa 1/250 ya sekondi woyenda pansi amauma pomwepo, phazi lili m'malere. Pa 1/15 amasanduka nkhungu yodutsa, nyumba ili chiimire, bola kamera mwaikhazika pokhazikika. Mukafika pa mphindi zingapo, ndi fyuluta yakuda yochepetsa kuwala, msewu mwausesa ngati Daguerre.

Munthu mmodzi amakwana kuti nyumba ioneke kukula kwake. Ine sindithamangitsa anthu mumsewu. Ndimayamba ndapeza malo, mwachitsanzo kachigawo ka kuwala pakati pa mithunzi ya nyumba ziwiri, ndiye ndimatchera kamera pa f/8, kukula kwapakati kwa kabowo kolowetsa kuwala mu lenzi, n'kulunjika pamene phazi lidzaponde. Kenako ndi kudikira. Adutsa atatu pamodzi, ayi. Adutsa wovala zakuda m'mbali mwa mthunzi, wamezedwa. Amene ndikufuna ndi wa malaya oyera kapena wonyamula ambulera, ndipo afike kachigawo kaja kasanatsekeke, poti dzuwa likasuntha pang'ono chabe khoma la tsidya lina limakhala latenga kale malowo.