Ntchito imene imachitika Lachitatu lokha

Pa pulojekiti iliyonse, ntchito zambiri sizisankha tsiku. Kupenta chipinda mungayambe Lolemba kapena Lachinayi, palibe kanthu. Koma pamakhala zina zochepa zimene zili ndi tsiku lake. Kuthimitsa makompyuta a ofesi yonse kuti muike atsopano kumafuna Loweruka, anthu ali kunyumba. Komiti yovomereza ndalama mwina imakumana Lachitatu lokha. Pa zaka zimene ndakhala ndikukonza ndondomeko za ntchito, ndaona kuti zochepazi ndizo zimachedwetsa pulojekiti, eni ake osadziwa kumene masiku awo apita.

Ntchito wamba ikachedwa ndi tsiku limodzi, yotsatira yake imachedwanso tsiku limodzi. Koma tinene kuti lipoti limayenera kutha Lachiwiri madzulo kuti likalowe mu komiti ya Lachitatu, inu mwalimaliza Lachinayi m'mawa. Pa desiki panu mwachedwa ndi tsiku limodzi ndi theka. Pa pulojekiti mwataya sabata yathunthu, chifukwa komiti sidzakhalanso mpaka Lachitatu linalo. Ndiye ngati chivomerezo chawocho ndicho chimatsegula ntchito ya Loweruka, Loweruka nalo lapita.

Cholakwa chimene ambiri amachita n'chooneka chanzeru. Munthu amayang'ana pa kalendala, n'kuona kuti Lachitatu likubweralo ndi pa 14, basi n'kulemba 14. Kompyuta sidziwa kuti iye amafuna Lachitatu, imangodziwa 14. Mu Microsoft Project, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera ndondomeko za ntchito, mukalemba nokha deti loyambira pa ntchito imene pulogalamuyo imadziwerengera yokha, imaika lamulo lotchedwa Start No Earlier Than, kutanthauza kuti ntchitoyo isayambe detilo lisanafike. Ntchito yoyenera kutha msonkhano usanachitike ikachedwa masiku awiri, msonkhano wanu wa Lachitatu umasunthira Lachisanu mwakachetechete, tsiku limene komiti kulibe. Ena akazindikira zimenezi amasankha Must Start On, ndiye deti limakhomeredwa ngati msomali: lipoti lichedwe bwanji, ndondomeko imaonetsabe msonkhano uli pa 14. Pepala limaoneka bwino, koma likunama.

Choyenera n'kuuza kompyuta lamulo lenilenilo. Mupange kalendala yatsopano imene tsiku logwira ntchito ndi Lachitatu lokha, masiku ena onse mutseke, kenako muipereke kwa ntchito imodzi yokhayo, osachotsa ulalo wake ndi ntchito yapatsogolo. Zikatero lipoti likachedwa, msonkhano umadumpha wokha kufika Lachitatu lotsatira, ndipo aliyense amaona sabata imene yatayika nthawi ikadalipo yochitapo kanthu. Amene amagwiritsa ntchito Excel ali ndi fomula yowerengera masiku ogwira ntchito yotchedwa WORKDAY.INTL, imene inayamba ndi Excel 2010. Imalandira manambala asanu ndi awiri oimira masiku kuyambira Lolemba, 1 akutanthauza tsiku lopuma, 0 tsiku logwira. Mukalemba 1101111 mwaiuza kuti pa sabata yonse mumagwira Lachitatu lokha.

Chenjezo laling'ono kwa okonda kukopera ndondomeko ya chaka chatha: masiku 365 ndi masabata 52 ndi tsiku limodzi lotsala. Deti limene chaka chino lili Lachisanu, chaka chamawa ligwera Loweruka, ndipo ngati pakati padutsa 29 Febuluwale limalumpha masiku awiri.

Nthawi zina nambala ya 7 imakuthandizani. Amisiri omanga amayesa kulimba kwa konkire pa masiku 7 ndi pa masiku 28, ndipo onsewa amagawika ndi 7. Mukathira konkire Lachiwiri, mayeso onse awiri agwera Lachiwiri. Mukathira Lamulungu pofuna kuthamangitsa ntchito, mwadzisankhira nokha mayeso a Lamulungu, labu itatseka. Tsiku lothira ndilo lofunika kuliganizira, mayeso amangotsatira.

Makampani akuluakulu nawo amamanga ntchito pa tsiku mwadala. Kuyambira Okutobala 2003, Microsoft imatulutsa zokonza za chitetezo cha mapulogalamu ake Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, limene a makompyuta amalitcha Patch Tuesday. Ubwino wake ndi woti oyang'anira makompyuta amadziwiratu, ndipo amatsala ndi masiku atatu ogwira ntchito oti ayese zinthu sabata isanathe. Pa chifukwa chomwecho ine sindilola chinthu chatsopano kuyatsidwa Lachisanu masana. Chikavuta, wochikonza amakhala atanyamuka kale.

Ngati mukugwira ndi anthu a dziko lina, musaganize kuti sabata yanu ndi yawo. Ku Saudi Arabia amapuma Lachisanu ndi Loweruka kuyambira 2013, ndipo Lamulungu ndi tsiku la ntchito. Boma la United Arab Emirates linasintha mu Januwale 2022, n'kuyamba kupuma Loweruka ndi Lamulungu, Lachisanu n'kumaweruka masana. Kalata imene mwatumiza ku Riyadh, likulu la Saudi Arabia, Lachinayi madzulo ingakhale osawerengedwa mpaka Lamulungu.

Munthu akandiuza kuti ntchito yakutiyakuti iyenera kukhala Lolemba, ndimamufunsa kuti chikuletsa Lachiwiri n'chiyani. Kawirikawiri yankho limakhala loti tinazolowera choncho. Zoterozo ndimazimasula, chifukwa tsiku lililonse lomangidwa limabwera ndi masiku odikira. Zimene zatsala, zokhala ndi chifukwa chenicheni, ndimazisiyira mpata kutsogolo kwake. Ngati komiti ndi Lachitatu, wolemba lipoti ndimamuuza kuti ndikulifuna Lachisanu, sabata ya komitiyo isanayambe. Akachedwa n'kubweretsa Lolemba, timalowabe mu komiti.